Mayeso Otsiriza a aNesi

ANesi sindinawaonepo atakhala pampando mpaka msana kukhudza chotsamira. Ankakhala chakumphepete, phazi limodzi lili kutsogolo, ngati munthu amene wakumbukira kuti wasiya mkaka pamoto. Tsiku loyamba la maphunziro athu analowa mochedwa, chikwama chili kukhwapa, ndipo asanapereke n'komwe moni anali atatsegula kale mawindo awiri, atasuntha tebulo, n'kuuza bambo wina amene ankatsokomola kuti asiye kumwa madzi ozizira. Bamboyo anathokoza. Tonse tinkayesa kuti aNesi ndi eni ake a sukuluyo, osadziwa kuti nawonso abwera kudzaphunzira ngati ife.

Tinalipo khumi ndi awiri, anthu akuluakulu kale, tikuphunzira ntchito yothandiza ovutika m'maganizo pokambirana nawo, m'njira imene amaitcha Gesitaliti. Sukuluyo inali zipinda zitatu pamwamba pa sitolo ya mapaipi ndi utoto. Ine ndinachokera ku ukalaliki wa kukhoti, komwe ndinaphunzira kulemba mabodza a anthu mwaukhondo. Iwo anachokera kuchipatala, komwe anagwira zaka makumi awiri ndi zinayi, n'chifukwa chake dzina la aNesi linawakakamira ngakhale yunifolomu anali atavula kalekale. Ankandiposa ndi zaka khumi ndi zisanu. Sabata isanathe anali atayamba kale kunditchula kuti mng'ono wawo ndi kundiuza kuti nsapato zanga zidzandipha msana.

Mbiri yawo anandiuza pang'onopang'ono, nthawi zonse tikuyenda, chifukwa nkhani yokhalira pansi sankaidziwa. Anali oyamba kubadwa mwa ana asanu ndi awiri. Mayi awo anafa miyendo iwo ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndiye kuyambira pamenepo mwana akagwa, akatentha thupi, akataya kope la kusukulu, dzina loitanidwa linali lawo. Bambo awo anali mlonda wa pafakitale, munthu wosayankhula, amene akafika pakhomo ankangofunsa kuti, "Zonse zili bwino?" ndipo yankho linkayenera kukhala inde. Mtsikana uja anakula akudziwa kuti vuto likangoonekera liyenera kutha bambo asanatsegule chitseko. Kuchipatala khalidwe limeneli linawakweza. Mu wodi yawo ya amayi simunkasowa kanthu, ndipo madokotala ongoyamba kumene ankabisala kumbuyo kwawo. Anakwatiwa ndi makanika wofatsa amene, malinga ndi iwo eni, sanamalizepo chiganizo chiyambire banjalo. "Ndimawathandiza," ankatero. "Amachedwa."

Chimene chinawabweretsa kusukulu kwathu ndi mwana wawo wamkazi. Banja lake litayamba kugwedezeka, anabwera kwa mayi ake kudzalira. Asanapukute n'komwe misozi, anali atauzidwa kale koti apite, woti akamuone, zoti akanene ndi diresi loti avale. Mwanayo ananyamula chikwama chake n'kunena kuti, "Amayi, inu simumvetsera. Mumangodikira kuti munthu apume mpweya kuti mulowepo." Anatha miyezi isanu ndi itatu osaimba foni. ANesi anasiya ntchito chaka chomwecho, ndipo analembetsa maphunzirowa ali ndi mkwiyo, kuti akatenge pepala losonyeza kuti kumvetsera amakudziwa.

Aphunzitsi athu anali bambo owonda, a imvi, oyenda ngati akuopa kudzutsa wina. Tinkawatcha aPanopa. Umati ukawafotokozera nkhani ya zaka khumi zapitazo, yokhala ndi mutu ndi mchira, iwo n'kungofunsa kuti, "Nanga panopa, pamene mukundiuza zimenezi, mukumva chiyani?" Funso limeneli poyamba linkandinyansa koopsa. Malamulo awo anali ochepa koma owawa. Sungakhale pamaso pa munthu wovutika usanakhalepo wekha pampando wa wovutika, choncho aliyense wa ife ankayenera kukhala ndi womuthandiza wake sabata ndi sabata. Wobwera kwa iwe si galimoto yoti uikonze. Ntchito yako ndi kukhala naye mpaka aone yekha pamene waima. Unene zimene ukuona ndi zimene ukumva, osati zimene waganiza kuti zikutanthauza. Poyeserera tinkakhala atatuatatu: wina wothandiza, wina wothandizidwa, wachitatu woonerera. Ndipo wothandizidwayo sankaloledwa kuchita sewero. Ankayenera kubweretsa nkhani yake yeniyeni, imene ikumudya tsiku limenelo. "Mukaphunzirira pa bodza," aPanopa ankatero, "mudzakhala akatswiri othandiza anthu amene kulibe."

Pa zolemba aNesi ankatiposa tonse. Mabuku awo anali odzaza ndi mizere ya inki yofiira, ndipo mayeso ankamaliza ife tikadali pa funso lachiwiri. Zinkavuta akakhala pampando wa wothandiza. Munthu akangokhala chete, iwo thupi lonse linkayabwa. Tsiku lina anakhala ndi bambo wa chifuwa uja, yemwe kale ankaphunzitsa masamu. Bamboyo anati chipumire pantchito tulo samatiwona. Anaima pang'ono, maso ali pansi, ndipo aliyense ankaona kuti pali china chikubwera. ANesi sanadikire. Anamuuza kuti asiye tiyi wa madzulo, aziyenda ulendo wapansi, asinthe pilo, ndiponso akapimitse magazi.

"Mwamupatsa zinthu zingati?" aPanopa anafunsa pamapeto pake.

"Zinayi."

"Anapempha zingati?"

ANesi anayang'ana wotchi.

"Pamene anakhala chete paja, inuyo munamva chiyani?"

"Ndinamva kuti nthawi ikutha, aphunzitsi."

"Ndikunena m'thupi mwanu."

"M'thupi mwanga mulibe vuto. Ndinapimitsa mwezi watha womwewu."

Tinaseka mpaka misozi, iwonso anaseka. Koma potsika masitepe anandigwira mkono mwamphamvu n'kundifunsa kuti, "Iwe, kodi ndalakwa chiyani? Munthu sakugona. Ndimusiye?" Ndipotu pilo uja bamboyo anakasinthadi.

Chaka chachitatu chikamatha pankakhala mayeso aakulu. Unkakhala theka la ola ndi mnzako wa m'kalasi, pamaso pa aPanopa ndi mayi wina woyesa wochokera kusukulu ina. Ukakhoza, ankakulola kuyamba kuonana ndi anthu akunja. Ukalephera katatu, ulendo unkathera pomwepo. Koyamba aNesi analephera chifukwa cha malangizo. Kachiwiri anabwera atamanga pakamwa. Anakhala duu theka lonse la ola, akuwerenga matabwa a kudenga kuti asalankhule. APanopa anawauza kuti anatuluka m'chipindamo n'kungosiya thupi pampando.

"Ndikalankhula ndalakwa, ndikakhala chete ndalakwa!" anakalipa tili mumsewu, anthu akutembenuka. "Akufuna ndizitani, ndiziimba?"

Anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, ntchito anasiya, ndipo mwana wawo, ngakhale anali atayambanso kuimba foni, ankangonena za mvula ndi za ana. Mwayi unatsala umodzi. Pa miyezi itatu yodikira mayeso otsirizawo aNesi anaonda. Ankafika kusukulu m'mamawa chitseko chisanatsegulidwe, n'kumazungulira pakhonde la sitolo mpaka wogulitsa utoto anayamba kuwatulutsira mpando, umene sankaukhalira. Kwa wowathandiza wawo ankapita kawiri pa sabata, ndipo ankatulukako maso ali psuu, osandiuza kanthu. Izi zokha zinkandidabwitsa, poti kale ankandiuza ngakhale zimene sindinafunse.

Kutatsala sabata imodzi, aPanopa anaika timapepala ta mayina athu m'kapu kuti aone amene adzakhale wothandizidwa. Kapepala kanatuluka kanga.

Pamenepo ndinagwira njakata, chifukwa nkhani yeniyeni ndinali nayo. Masabata awiri m'mbuyomo, ndikusamba, ndinapeza chotupa m'bere lakumanzere, cholimba ngati kamwala. Sindinauze aliyense, kaya amuna anga, kaya wondithandiza wanga, amene ndinkangomusangalatsa ndi nkhani za apongozi. Lamulo ndinkalidziwa. Koma taganizani, kutenga chotupa cha m'bere n'kukachiika pamaso pa munthu amene wagwira zaka makumi awiri ndi zinayi mu wodi ya amayi, pa tsiku limene akuyenera kugwira pakamwa pake! Kunali kuwakankhira m'dzenje ndi manja anga. Ndiye ndinapeka nkhani. Ndinapeka mayi woyandikana naye nyumba amene amasesera zinyalala kumpanda kwanga, ndinamupatsa mawu amwano ndi galu wosokosa. Inali nkhani yabwino, yokhala ndi mkwiyo wokwanira kuti aNesi apeze pogwira, koma yopanda chilichonse choti namwino angachiritse. Ndinaiyeserera pagalasi. Ndinkadziuza kuti ndikuchitira chifundo mnzanga, ndipo zinali zoona, koma theka lokha. Theka linalo anali mantha anga, amene anapeza pobisala pabwino.

Mayesowo anayamba teni koloko m'mawa. Pansi m'sitolo ankadula mapaipi, phokoso lake likulowa m'mano. Mayi woyesa uja anakhala pakona ndi kope pamwendo, aPanopa pafupi ndi windo. ANesi anakhala moyang'anizana nane, atavala bulauzi yositidwa mpaka kuwala, bondo lawo likugwedera.

Ndinayamba. Kunena zoona ndinaichita bwino. Zaka zonse za kukhoti zija sizinapite pachabe. ANesi anafunsa mafunso oyenera, ine n'kumayankha moyenera, ndipo ndinkaona cholembera cha mayi uja chikuyenda modekha. Mtima unayamba kukhala m'malo. Ndinafika pa galu, ndikukweza mawu pamene ndinakonzeratu kukweza, kenako ndinazindikira kuti bondo lija lasiya kugwedera.

"Mng'ono wanga, taima kaye," anatero. "Ndikuuze zimene zikundichitikira ine. Nkhani yakoyi ndikuimva, koma sikundifika. Ndikuyesetsa kuti ndikwiye nawe limodzi, zikukanika. Ndikumva ngati uli kutali."

Cholembera chinaima.

"Ndiponso ndikuona kuti dzanja lako lamanja lili m'khwapa lakumanzere chiyambire. Silinachokepo."

Ndinapsa mtima kwambiri. Mumtima ndinkati, mayi inu, ndakuyalirani njira yosalala, bwanji osangoyendamo? Pakamwa ndinangoti, "Ndi kuzizira."

"Mwina," anatero.

Anakhala chete, koma sikunali kukhala chete kwa matabwa a kudenga kuja. Maso awo anali pa ine, ndipo thukuta linkatsika m'mbali mwa khutu mpaka kunyowetsa kolala. Ndinayesa kubwerera kwa mayi wa zinyalala uja, koma ndinapeza kuti ndaiwala pamene ndinalekezera. Macheka a m'sitolo analira, n'kusiya, n'kuliranso.

"Sindikudziwa choti ndichite nawe panopa," aNesi anatero, mawu ali pansi. "Sindikudziwa, ndipo zikundiopsa. Koma ndili pano."

Pa zaka zitatu zonse ndinali ndisanamvepo mawu oti sindikudziwa akutuluka pakamwa pamenepo, ndipo anawanena pamaso pa anthu awiri amene akanatha kuwatsekera chitseko mpaka kalekale. Ine bodza langa linandithera mphamvu.

"Palibe galu," ndinatero. "Ndili ndi chotupa m'bere."

Ndinaona chipatala chonse chikukwera pankhope pawo. Pakamwa panatseguka, thupi linanyamuka pang'ono pampando, dzanja linayamba kale kubwera kwa ine, zala zitatu zitawongoka monga amachitira popima. Kenako dzanjalo linabwerera n'kukagwira m'mphepete mwa mpando, mwamphamvu mpaka mitsempha kuonekera.

"Ndili ndi zambiri pakamwa pano," anatero, akupuma movutikira. "Miyendo yangayi ikufuna kukunyamula n'kuthamanga nawe. Ndachita mantha, mng'ono wanga. Koma ndikhala." "Wakhala nacho nthawi yaitali bwanji?"

"Masabata atatu."

"Ndani akudziwa?"

"Palibe."

"Wekha, masabata atatu."

Pamenepo ndinalira kulira kwenikweni, kwa mamina ndi phokoso, kosayenera pamaso pa alendo. Ndinanena zimene ndinali ndisanadziuze ndi ine ndemwe. Ndinati mayi anga anapita ndi matenda omwewo, ndipo chimene ndimakumbukira si ululu wawo ayi, koma mmene tonse tinasiyira kuwauza nkhani za pakhomo, n'kumangowafunsa ngati amwa mankhwala. Ndinati ndikuopa nkhope ya amuna anga. Ndinati ndinkaganiza kuti ndikapanda kuchitchula, ndikhalabe munthu, osati wodwala. ANesi sanandidule mawu ngakhale kamodzi. Misozi inkatsika pamasaya awo, osaipukuta, chifukwa manja onse awiri anali akadagwira mpando.

"Wachitchula tsopano," anatero nditamaliza. "Zili bwanji?"

Ndinadzimvetsera. "Ndikupuma," ndinatero. "Dzanja latopa."

"Lipumitse."

Ndinalitsitsa pamwendo, ndipo aPanopa anati nthawi yakwana.

Anatitulutsa kuti akambirane. ANesi anayenda pakhonde lija uku ndi uku, kuchokera kuchimbudzi kukafika ku bolodi la zidziwitso, osandiyang'ana, ine nditatsamira khoma ngati thumba. Atatiitananso, mayi woyesa uja sanamwetulire.

"Mayi, inu ndinu namwino," anatero. "Mukudziwa kuti chotupa sichidikira. Bwanji simunamuuze kuti apite kuchipatala?"

Ndinaona kuti ndawaphetsa ndi choonadi changa, monga ndinkaopera poyamba paja.

"Amadziwa," aNesi anayankha. "Akanakhala kuti sadziwa, sakanabisa. Ndikanamuuza, akanati inde aNesi, zikomo aNesi, n'kupita nacho kunyumba chotupa chakecho. Ambiri anandiyankhapo choncho, ndipo ena sindinawaonenso." Anaima kaye. "Koma musaganize kuti nkhani ya kuchipatala ndaitaya. Sachoka pano tisanaikambe. Kungoti sindinafune kuti ikhale yoyamba."

Mayi uja anayang'ana aPanopa, n'kulemba mawu ochepa, n'kutseka kope. "Mwakhoza," anatero.

ANesi sanalumphe, sanathokoze. Anangofunsa kuti, "Mwati bwanji?" ndipo atawabwerezera anagwedeza mutu ngati auzidwa za munthu wina.

APanopa anatembenukira kwa ine. "Inu munabweretsa sewero," anatero mofatsa. "Munaganiza kuti mnzanu sangathe kunyamula choonadi chanu, ndiye munamusankhira chopepuka osamufunsa. Pa ntchito yathu chimenecho ndi cholakwa chachikulu, ndipo mayeso anu aimitsidwa mpaka tikambirane. Koma si za lero. Lero muli ndi zina."

Manyazi anandigwira, koma ndinalibe mphamvu zodziikira kumbuyo.

Tinatuluka awiri. Pamwamba pa masitepe ndinaima, ndikudikira. Ndinkadziwa kuti tsopano mayeso atha, pakamwa paja pamasuka: andiuza dzina la dokotala, khomo lolowera, zoti ndisadye m'mawa, mawu oti ndikawauze amuna anga. Ndipo ndinkazifuna zimenezo ndi mtima wonse. Ndinkafuna wina andinyamule ngati katundu, ine ndingotseka maso. ANesi anaima pambali panga, akusinthanitsa mapazi, makiyi akulira m'manja.

"Ukufuna chiyani kwa ine?" anafunsa.

"Ah, aNesi, mayeso atha. Tangondiuzani chochita."

"Sindikuchita za mayeso."

"Ndiye inu simukudziwa chofunika?"

"Ndikudziwa chimene ndikufuna ine, ndipo chikundiwotcha. Ndikufunsa iweyo."

Ndinawada pa mphindi imeneyo, ndinawada zenizeni. Ndinayang'ana pansi pa masitepe, pomwe kuwala kwa mumsewu kunkalowera, anthu akudutsa ndi mapaipi paphewa. Ndinayenera kufufuza mawuwo ndekha, ndipo anali olemera kuposa mmene ndinkaganizira.

"Mundiperekeze kuchipatala," ndinatero. "Koma tikakafika musakandilankhulire. Ndikanena ndekha."

"Chabwino. Liti?"

"Mawa." Ndinamva bodza m'mawu angawo iwo asanatsegule pakamwa. "Ayi, lero. Mawa ndithawa."

Anatsika masitepe awiriawiri, chikwama chikumenya khoma, ndipo ndinamva chitseko cha pansi chikutseguka. Nditafika ndinawapeza ataima panja, atachigwira chitsekocho, thupi lonse likunjenjemera ndi changu. Njira ya kuchipatala ankaidziwa ngakhale atatseka maso, koma sanasunthe mpaka ine nditadutsa n'kuyamba kutsogola.